Québec-Est: Dera la Osoka Nsapato Limene Linatulutsa Nduna Zazikulu Ziwiri



Lero ndikutengerani kutali, ku Canada, kuti tikaone dera la phungu limene pa mapu a masiku ano silipezekanso. Dzina lake linali Québec-Est, ndipo olankhula Chingerezi ankalitcha Quebec East. Linayamba mu 1867, chaka chimene zigawo za Canada zinalowa m'chitaganya, ndipo linatha pofika chisankho cha 2004. Kuchokera mu 1877 mpaka 1958, zaka zoposa 80, derali linali ndi aphungu atatu okha: Wilfrid Laurier, Ernest Lapointe ndi Louis St. Laurent. Woyamba ndi wachitatu anakhalapo nduna yaikulu ya dziko. Wapakatiyo sanafike pa mpando umenewo, komabe kwa zaka pafupifupi 20 nkhani yokhudza Quebec sinkadutsa ku boma iye asanavomere.

Kasankhidwe ka aphungu ku Canada ndi konga kathu, poti tonse tinakatengera ku Britain: dera limodzi, phungu mmodzi, ndipo wopeza mavoti ochuluka ndiye watenga mpando. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko mtsogoleri wa boma savoteredwa ndi dziko lonse. Amakhala mkulu wa chipani cholamula m'nyumba ya malamulo ya ku Ottawa, choncho nayenso amafunika dera lomuvotera. Munthu atha kudziwika dziko lonse, koma anthu a dera limodzi akamukana, alibe poyankhulira. N'chifukwa chake ndikufuna kuti poona atsogoleri atatuwa tiziyang'ananso anthu amene ankawatuma, amene mabuku a mbiri sawatchula kawirikawiri.

Mzinda wa Quebec uli m'mbali mwa mtsinje waukulu wa St. Lawrence, ndipo unagawika pawiri. Kumtunda, pamwamba pa thanthwe, kunali linga, nyumba ya malamulo ya chigawo, likulu la mpingo, yunivesite ndi nyumba za maloya ndi amalonda olemera. Kumunsi, m'chigwa cha mtsinje wa Saint-Charles, kunali Saint-Roch, ndipo kumeneko ndiye kunali mtima wa Québec-Est. Anthu ake anali Akatolika olankhula Chifalansa, odya za thukuta lawo, okhala m'tinyumba ta matabwa tothithikana. Moto ukabuka sunkasiya kanthu. Unapsereza Saint-Roch mu 1845, nubweranso mu 1866 n'kusesa mpaka ku Saint-Sauveur. Ntchito yaikulu poyamba inali yokhoma zombo za matabwa. Zombo zachitsulo zitayamba kulamulira panyanja, ntchitoyo inazilala m'zaka za m'ma 1870, ndipo akalipentala ambiri ndi ana awo analowa m'mafakitale ofufuta zikopa ndi osoka nsapato. Amene ankaponya voti m'derali anali amuna a m'mafakitale amenewa. Amayi, ngakhale kuti nawonso ankagwira ntchito m'mafakitalemo, analoledwa kuvota pa zisankho za boma lalikulu kuyambira mu 1918.

Aphungu oyambirira anali Pierre-Gabriel Huot, kenako Adolphe Tourangeau, kenako wamalonda wamkulu Isidore Thibaudeau, amene anatenga mpandowu mu 1874 ali wa chipani cha Liberal. Thibaudeau amakumbukidwa makamaka ndi tsiku limene anausiya.

Kunali lamulo nthawi imeneyo loti phungu akapatsidwa unduna ayenera kubwerera kwa anthu ake kukapemphanso mavoti. Lamuloli linathetsedwa mu 1931. Mu Okutobala 1877 nduna yaikulu Alexander Mackenzie anapatsa unduna loya wina wa zaka 35, Wilfrid Laurier, phungu wa Drummond—Arthabaska. Laurier anabwerera kwawo kukapempha mavoti, ndipo anagwa. China chimene chinamugwetsa chinali mpingo. Mabishopu ndi ansembe ambiri a ku Quebec ankaphunzitsa kuti a Liberal ndi amodzimodzi ndi adani a mpingo a ku Ulaya. Nkhaniyi inafika poti chaka chomwecho khoti lalikulu la dzikolo linafafaniza chisankho cha ku Charlevoix chifukwa ansembe anaopseza ovota ali pa guwa. Laurier anali atayankhulapo kale pa za mkanganowu. Pa 26 Juni 1877, mu mzinda wa Quebec momwemo, anauza khamu la anthu kuti Mkatolika atha kukhala wa Liberal osachimwira chikhulupiriro chake, ndi kuti wansembe ali ndi ufulu wolangiza wovota koma alibe ufulu womuopseza. Mawuwo anamutchukitsa, koma kwawo sanamupulumutse.

Apa ndi pamene Thibaudeau anatula pansi uphungu kuti nduna yosowa mpandoyo iyime ku Québec-Est. Pa 28 Novembala 1877 anthu a ku Saint-Roch anavotera munthu amene sanabadwire kwawo, amene sankakhala pakati pawo, ndiponso amene anali atangokanidwa kwawo mwezi wapitawo. Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo anthuwa anatero kumene. Anamusunga zaka zoposa 41, mpaka imfa yake pa 17 Febuluwale 1919. Akanamukana tsiku limenelo, n'kutheka kuti akanabwerera ku uloya wake ku Arthabaska, ndipo Canada akanadikira nthawi yaitali asanakhale ndi nduna yaikulu yoyamba yochokera mwa Akanada olankhula Chifalansa.

Laurier anakhala mtsogoleri wa chipani mu 1887, nalamulira dziko kuchokera mu 1896 mpaka 1911. Ntchito yake yonse inali yoyenda pakati pa mitundu iwiri yosakhulupirirana, olankhula Chingerezi amene anali ochuluka ndi olankhula Chifalansa amene anali ochepa. Pa mkangano wa masukulu a Akatolika ku Manitoba anagwirizana ndi boma la chigawocho kuti chipembedzo chiziphunzitsidwa theka la ola pomaliza pa tsiku. Mabishopu anati wagulitsa anthu ake. Nkhondo ya Mabunu itabuka ku South Africa mu 1899, a Chingerezi ankafuna kuti Canada atumize asilikali, a Chifalansa ankakana. Iye analola kuti apite odzipereka okha. Mnzake wa m'chipani, Henri Bourassa, anatula pansi uphungu pokwiya, pomwe ku Toronto ankati wachita zochepa. Mu 1911 anachotsedwa m'boma akunyozedwa mbali zonse ziwiri, ku Ontario ngati wosakhulupirika kwa Britain, ku Quebec ngati wantchito wa Britain. Québec-Est yokha sinagwedezeke. Mtsogoleri amene ali ndi dera lomugwira chotere amalimba mtima kuyima pakati pamene pali powawa, poti akudziwa kuti pobwerera pena palipo.

Koma tisamusambitse munthuyu. Boma lake linakweza msonkho wolipiritsa Atchaina olowa m'dziko kufika pa madola 500 mu 1903. Mu Ogasiti 1911 nduna zake zinavomereza lamulo loletsa anthu akuda kulowa mu Canada kwa chaka chimodzi. Lamulolo silinagwiritsidwe ntchito ndipo linafafanizidwa patapita miyezi iwiri, komabe linalembedwa, ndipo linalembedwa ndi boma la munthu amene ankadziwa bwino kuwawa kwa kukhala mtundu wochepa. Ine zimenezi zimandipweteka ndikamawerenga za iye, chifukwa pa zina zambiri ndimamulemekeza.

Nanga anthu a ku Saint-Roch anapindulanji? Laurier sanakhalepo m'derali. Nyumba zake zinali ku Arthabaska ndi ku Ottawa. Mzinda wa Quebec anaubweretsera zinthu zazikulu: njanji yopita kumadzulo, ndi mlatho wowoloka St. Lawrence umene mwala wake wa maziko anauyika yekha mu 1900. Mlathowo unagwa uli mkati momangidwa mu Ogasiti 1907, n'kupha antchito oposa 70, kuphatikizapo ambiri a mtundu wa Mohawk ochokera ku Kahnawake. Unagwanso mu 1916, ndipo unatha mu 1917. Koma za m'fakitale zinali zina. Mu 1900, phungu wawo ali nduna yaikulu, eni mafakitale a nsapato anatseka zitseko, antchito zikwi zingapo n'kukhala panja, pofuna kuwakakamiza kuti atuluke m'mabungwe awo. Amene anaweruza mkanganowo anali Arkibishopu Louis-Nazaire Bégin. Iye anavomereza kuti antchito ali ndi ufulu wokhala ndi mabungwe, koma anati malamulo a mabungwewo awunikidwe ndi mpingo. Wosoka nsapato akafuna wom'menyera pa za malipiro, sankayang'ana ku Ottawa.

Tsono voti yawo inali ya chiyani? Kuona kwanga, panali pangano losalembedwa. Anthuwa ankapereka mpando kwa munthu wamkulu, iyeyo n'kukhala chishango cha mtundu wawo wonse mu Ottawa: chilankhulo chawo, chipembedzo chawo, ndipo koposa zonse ana awo aamuna. Pangano limeneli linayesedwa pa nkhondo ziwiri zazikulu.

Mu 1917 boma la Robert Borden linakhazikitsa lamulo lolemba anyamata usilikali mokakamiza. Borden anapempha Laurier kuti alowe naye m'boma la mgwirizano. Laurier, ali ndi zaka 75, anakana. Anzake ambiri olankhula Chingerezi anamuthawa, ndipo pa chisankho cha Disembala chaka chomwecho chipani chake chinatsala ndi mipando 82, imene 62 mwa iyo inali ya ku Quebec. Anataya dziko, koma pangano analisunga. Ife kuno nkhondo imeneyo timaidziwa ndi mtengatenga, pamene amuna a ku Nyasaland ankagwidwa kukasenza katundu wa asilikali, ndiponso ndi kalata imene John Chilembwe analemba mu 1914 yotsutsa kutengera Aafirika ku nkhondo ya eni ake. Unali ufumu umodzi womwewo, ndipo funso la mayi wa ku Saint-Roch linali lomwelo: mwana wanga akafere chiyani?

Lachinayi la sabata yoyera, pa 28 Malichi 1918, apolisi a boma lalikulu anagwira mnyamata wina, Joseph Mercier, pa malo amasewera ku Saint-Roch chifukwa sanatenge chikalata chosonyeza kuti anakhululukidwa usilikali. Chikalatacho chitabwera anamumasula, koma khamu linali litasonkhana kale ndipo mkwiyo unali utasefukira. Zipolowe zinatenga masiku asanu. Anthu anaphwanya ofesi yosunga mayina a oyenera kulembedwa usilikali. Boma linabweretsa asilikali olankhula Chingerezi kuchokera ku Ontario ndi kumadzulo. Lolemba la Pasaka, pa 1 Epulo usiku, pa mphambano ya misewu ya Saint-Vallier, Saint-Joseph ndi Bagot, polowera ku Saint-Sauveur, asilikali anaombera anthu. Anafa anthu wamba anayi. Mmodzi anali kalipentala, Honoré Bergeron, bambo wa zaka pafupifupi 50. Wina anali Georges Demeule, mnyamata wosakwana zaka 16. Ofufuza za imfa zawo anapeza kuti anthuwa sanali m'gulu la ochita zipolowe, koma mabanja awo sanapepesedwe ndi kanthu. Pa mphambanoyo lero pali chipilala chowakumbukira. Aliyense wodzakhala phungu wa Québec-Est pambuyo pake ankayenda ndi usiku umenewo m'mutu.

Laurier atamwalira, a Liberal sanafune kuti mpando wake ugwere munthu wamba. Ernest Lapointe, amene anali phungu wa Kamouraska kuyambira 1904, anasiya dera lake n'kudzayima ku Québec-Est mu Okutobala 1919. Nayenso anali mlendo, mwana wa kumudzi wa ku Saint-Éloi amene anafika ku Ottawa asakudziwa bwino Chingerezi n'kuchiphunzira ali kale phungu. Chaka chomwecho anathandiza William Lyon Mackenzie King kutenga utsogoleri wa chipani. King sankatha kuyankhula Chifalansa bwino ndipo Quebec sankaimvetsa, choncho za chigawocho anazisiya m'manja mwa Lapointe. Mu 1923, ali nduna yoona za nsomba, Lapointe anasainira pangano ndi America lokhudza usodzi wa nsomba ya halibut, kazembe wa Britain osayikapo dzanja. Aka kanali koyamba kuti Canada asaine yekha pangano ndi dziko lina. Kenako anakhala nduna ya zachilungamo, ndipo anatsogolera nthumwi za Canada ku zokambirana za ku London za mu 1929 zimene zinabala lamulo la Statute of Westminster mu 1931, lopatsa mayiko monga Canada ufulu wodzipangira malamulo.

Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo Lapointe ali ndi milandu yake. Boma la chigawo la Maurice Duplessis litakhazikitsa lamulo mu 1937 lolola kutseka ndi loko nyumba iliyonse yoganiziridwa kuti ikufalitsa chikomyunizimu, Lapointe anali ndi mphamvu yolifafaniza, koma sanatero poopa kukwiyitsa Quebec. Mu Juni 1939 chombo cha St. Louis, chonyamula Ayuda oposa 900 othawa Hitler, chinakanidwa ku Cuba ndi ku America. Lapointe anali mmodzi mwa amene anakana kwamtuwagalu kuti chikocheze ku Canada. Chinabwerera ku Ulaya, ndipo okwera oposa 250 anadzaphedwa m'manja mwa chipani cha Nazi. Boma la Canada linapepesa mu 2018. Apa mpomwe pangano lija limaonetsa mbali yake yoipa. Munthu amene ntchito yake yonse ndi kuteteza anthu ake amafika poopa chilichonse chimene anthu akewo sangachikonde, ngakhale chikhale chilungamo.

Nkhondo yachiwiri itayamba mu Seputembala 1939, Lapointe anayima m'nyumba ya malamulo kuchirikiza kuti Canada alowe nawo, koma analonjeza kuti palibe adzakakamizidwe kukamenya kutsidya kwa nyanja, ndipo zikadzatero iye ndi nduna zinzake za ku Quebec adzatula pansi maudindo. Duplessis atayitanitsa chisankho cha chigawo potsutsa mphamvu za nkhondo za Ottawa, Lapointe anauza anthu kuti akasankha Duplessis nduna zawo zichoka m'boma, ndipo sipakhalanso wotsekereza lamulo lokakamiza lija. Anthu anamumvera, Duplessis anagwa mu Okutobala 1939. Lapointe anamwalira pa 26 Novembala 1941, lonjezo lake likadali chilili.

Wolowa m'malo mwake sanali wandale n'komwe. Louis St. Laurent anali loya wa makampani akuluakulu, wa zaka 59, wokhala kumtunda kuja, pa msewu wa olemera wa Grande Allée. Anabadwira ku Compton, bambo ake olankhula Chifalansa, mayi ake ochokera ku banja la ku Ireland, kotero zilankhulo zonse ziwiri anayamwira. King anamupatsa unduna wa zachilungamo mu Disembala 1941, ndipo pa 9 Febuluwale 1942 anapambana chisankho chapadera ku Québec-Est. Iyeyu sanalonjeze zimene Lapointe analonjeza. Mu Epulo chaka chomwecho boma linachititsa riferendamu yopempha anthu kuti alimasule ku lonjezo lija. Dziko lonse linati inde, Quebec inati ayi ndi mavoti oposa 70 pa 100 aliwonse. Mu Novembala 1944 King analamula kuti asilikali okakamizidwa 16,000 atumizidwe ku Ulaya. Nduna ina ya mu mzinda wa Quebec, Charles Gavan Power, inatula pansi udindo. St. Laurent anakhalabe, nachirikiza lamulolo poyera.

Mwa zonse za mbiri ya derali, chimene chimandigwira mtima ndi chimene chinatsatira. Phungu wa anthu amene anaona magazi pa mphambano mu 1918 anachirikiza chinthu chimene iwo ankadana nacho koposa, koma pa chisankho cha 1945 anamubwezeranso ku Ottawa. Zifukwa zilipo zingapo. King anali atazengereza zaka zisanu, ndipo anthu ankadziwa kuti chipani cha Conservative chikanachita msanga ndiponso mokulirapo. Koma ndikhulupiriranso kuti anaona kuti St. Laurent sanawanamize. Sanawalonjeze chimene sakanatha kusunga.

St. Laurent anakhala nduna yaikulu pa 15 Novembala 1948. Mu ulamuliro wake Newfoundland inalowa mu Canada mu 1949, dzikolo linakhala m'gulu loyambitsa NATO, milandu inaleka kukathera ku London, ntchito ya msewu waukulu wodutsa dziko lonse ndi ya ngalande ya zombo ya St. Lawrence Seaway inayamba, ndipo okalamba onse a zaka 70 anayamba kulandira penshoni. Anthu ankamutcha Uncle Louis. Anagonja kwa John Diefenbaker mu Juni 1957, ndipo chaka chotsatira anapuma pa ndale.

Atangochoka iye, derali linasintha mtima. Mu 1958 linasankha Yvon-Roma Tassé wa Conservative, kutha kwa zaka 84 za Liberal. Mu 1962 linapita kwa Jean-Robert Beaulé wa Social Credit, chipani cha Réal Caouette chimene chinakopa anthu osauka pa wailesi yakanema n'kutenga mipando 26 ku Quebec. Gérard Duquet analibwezera ku Liberal mu 1965 nalisunga mpaka 1984, kenako Marcel Tremblay wa Conservative, kenako mu 1993 Jean-Paul Marchand wa Bloc Québécois, chipani chofuna kuti Quebec ikhale dziko palokha. Womaliza anali Jean-Guy Carignan, wosankhidwa mu 2000. Pamenepa pakuoneka kuti kukhulupirika kwa zaka zonse zija sikunali kokonda mtundu wa chipani. Nkhani ya usilikali wokakamiza itatha, ndipo boma la chigawo litayamba kudzitengera lokha ntchito yoteteza Chifalansa m'zaka za m'ma 1960, chishango cha ku Ottawa sichinafunikenso monga kale.

Nalo dera lenilenilo linkasuntha. Kuyambira 1964 malire a madera ku Canada amadulidwa ndi makomiti oyima paokha, otsogozedwa ndi woweruza milandu, pakatha kalembera wa anthu wa zaka 10 zilizonse. Inu mukudziwa mmene nkhani ya malire imatenthera, poti kwathu kuno madera achoka pa 193 kufika pa 229. Ku Quebec mafakitale a nsapato ankatsekedwa, mabanja ankasamukira kunja kwa mzinda, ndipo msewu waukulu wa Dufferin-Montmorency unagwetsa nyumba zambiri za kumunsi. Malire anatsatira anthu. Dzina la Québec-Est linapita nawo ku madera atsopano a kunja kwa mzinda, ndipo pa kudula malire kwa 2003 linafafanizidwa, malo ake n'kugawidwa kwa madera oyandikana nawo.

Limodzi mwa madera atsopanowo analitcha Louis-Saint-Laurent, polemekeza phungu wakale uja. Anthu ake anasankha Bernard Cleary wa Bloc Québécois mu 2004, Josée Verner wa Conservative mu 2006 ndi 2008, Alexandrine Latendresse wa New Democratic Party mu 2011, ndipo kuyambira 2015 akhala akusankha Gérard Deltell wa Conservative.